Lipoti la ngozi ya chigumukire cha sinowo ku mapiri a Tatra: mnyamata wa ku Highfield

Lipotili ndalilemba atandipempha akuluakulu a banja lina la ku Highfield kuno ku Harare, ndipo avomera kuti ena aliwerenge bola pasatchulidwe dzina la munthu. Likunena za mwana wawo wa zaka 23, wophunzira pa yunivesite ina ku Poland, yemwe anakokoloka ndi chigumukire cha sinowo ku mapiri a Tatra kumayambiriro kwa Disembala n'kuthyoka mwendo. Ine ntchito yanga ndi yotsogolera anthu m'mapiri a Nyanga, Chimanimani ndi Mulanje. Za sinowo ndinaziphunzira ku mapiri a Alps ku Ulaya, komwe ndinagwirako ntchito pansi pa otsogolera a kumeneko. Zomwe zili munozi zachokera pa kucheza kwanga ndi mnyamatayo atabwera kudzachirira kwa makolo, pa zithunzi ndi mapu a mu foni yake, pa chenjezo la tsikulo lomwe analijambula asananyamuke, komanso pa zomwe anzake awiri anandifotokozera pa WhatsApp.

Munthuyo ndi ulendo wake

Mnyamatayu si mlendo m'phiri. Anakwerapo Nyangani ndi achinyamata a mpingo wathu wa CCAP, ndipo ndi wamphamvu, wosadandaula chikweza. Vuto lake linayambira pomwepo. Nyangani ndi wotalika mamita 2592, pamene Rysy, nsonga yayitali kuposa zonse ku Poland, ndi mamita 2499. Nyanja ya Morskie Oko, komwe alendo ambiri amapita, ili pa mamita 1395, kutanthauza kuti munthu woima pa msika wa Mbare ali pamwamba kuposa nyanjayo. Iye mwini anandiuza kuti, "Amalume, nditaona manambala aja ndinangoti ndi timapiri ta masewera."

Anali atatu. Anakwera basi ku Kraków Lachisanu madzulo, n'kugona ku Zakopane, tawuni ya m'munsi mwa mapiriwo. Anali ndi nsapato zabwino, majekete otentha, ndodo zoyendera ndi timaunyolo tomangira kunsi kwa nsapato kuti asaterereke. Analibe transceiver, kachipangizo kovala pachifuwa kothandiza kupeza munthu wokwiririka. Analibenso ndodo yobayira sinowo, ngakhale fosholo. Zitatuzi ku Zakopane amabwereketsa pa tsiku, ndipo anthu a kumeneko amazitcha lawinowe ABC. Anyamatawa anaziona m'sitolo koma anaganiza kuti n'za anthu otsetsereka pa ma ski okha.

Njira yomwe anasankha ndi yodziwika, m'chilimwe imadutsa anthu ambirimbiri ndi ana omwe. Pamwamba pa nkhalango imadula pakati pa khwawa loyang'ana kumpoto chakum'mawa, isanakwere pa msana wa phiri. M'khwawa mmenemo ndi momwe munachitikira ngoziyo.

Zomwe zinkachitika pansi pa sinowo

Ngoziyi inayamba kukonzeka kutatsala milungu isanu kuti anyamatawa afike. Kumapeto kwa Okutobala kunagwa sinowo woyamba, kenako kunacha bwino. M'mbali zoyang'ana kumwera sinowoyo anasungunuka, udzu n'kuonekeranso, koma m'makwawa oyang'ana kumpoto anatsala. Apa munthu wa kuno asamale, chifukwa kwathu zinthu n'zotembenuka. Mu Juni ku Nyanga dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo chisanu chimachedwa kuchoka mbali ya kumwera. Ku Ulaya mbali ya mthunzi ndi ya kumpoto, ndipo mu Disembala khwawa lozama la mbali imeneyo limatha tsiku lonse osaona dzuwa.

Sinowo wotsalayo anali wochepa, masentimita 30 kapena 40, ndipo anakhala pafupifupi milungu itatu kumwamba kuli koyera, usiku kukuzizira kwambiri. Nthaka yokutidwa ndi sinowo imakhala pafupi ndi 0°C ngakhale kunja kuzizire bwanji. Pamwamba pa sinowoyo, usiku wopanda mitambo, pamatha kufika -15°C. Kusiyana kwa madigiri 15 pa masentimita 40 okha n'kwakukulu zedi. Odziwa za sinowo amati kusiyanaku kukafika madigiri 10 pa mita imodzi, timibulu ta sinowo timayamba kusintha maonekedwe, ndipo apa kunaposa pamenepo katatu. Chinyezi chimachoka pansi pofundapo, chimakwera kudutsa m'timipata, n'kukaundana pa timibulu ta pamwamba pake. Timibulu tomwe tikanagwirana n'kulimba timasanduka ta makona, tikuluikulu, tosagwirana. Ukatapa m'dzanja sungaumbe kanthu, timangoyoyoka pakati pa zala. Okwera mapiri amati sinowo wa shuga.

Sinowo akakhala wozama mita imodzi ndi theka, kuzizira komweko kumagawika pa mtunda wautali ndipo shugayu sapangika msanga. N'chifukwa chake otsogolera omwe anandiphunzitsa ankadana ndi chaka chomwe sinowo amagwa pang'ono mu Okutobala kenako n'kusiya. Ankadziwa kuti gawo lofookalo likakwiririka silichira msanga. Limatha kukhala pansipo milungu, nthawi zina mpaka miyezi, pamwamba pakuoneka bwinobwino.

Shuga payekha sapha munthu. Amafuna chomusenza pamwamba, ndipo chinabwera Lachitatu la sabata la ulendowo. Kunagwa sinowo watsopano wokwana masentimita 20, kukuwomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakumadzulo. Mphepo yotere imasesa sinowo pa msana wa phiri, imaphwanya timibulu take kukhala tating'onoting'ono, n'kukatiunjika mothinana kuseri kwa msanawo. Zithunzi za mnyamatayu zikusonyeza zimenezi poyera: pa msana udzu ndi miyala zili pamtunda, pamene m'khwawa muli sinowo wosalala, woyera mofanana, wopanda kunyezimira. Sinowo wa masentimita 20 uja m'khwawamo anali atafika theka la mita pakati, wolimba moti munthu ankaponda osamira kwambiri.

Tayerekezani kuti mwamwaza nyemba zouma pa khonde lotsetsereka, n'kugonekapo lata. Lata lija likhala, mwina tsiku lonse, mpaka wina alipondere m'mphepete. Umo ndi momwe khwawalo linalili Loweruka m'mawa.

Tsiku la ngozi

Kunacha kopanda mtambo, mphepo itaferatu. Ananyamuka mochedwerapo, ndipo mu Disembala ku Zakopane dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, choncho pofika pamwamba pa nkhalango anali akuyang'ana kale nthawi. Ankatsata mzere wa njira ya m'chilimwe pa mapu a mu foni. M'mapiri a Tatra njira zina zili ndi podzera pa nyengo yozizira posiyana ndi pa chilimwe, popewa makwawa omwewa, koma mapu awo sankasonyeza zimenezo. Panalinso mapazi a anthu awiri kapena atatu omwe anadutsa m'mamawa, ndipo mapaziwo anawalimbitsa mtima.

Phirilo linawachenjeza kawiri. Ali pa malo osatsetsereka kwenikweni, khwawa lisanayambe, onse atatu anamva sinowo akuti "vuu" pansi pa mapazi, pansi n'kukhala ngati patitimira pang'ono. Mnzake wina anaseka, nati mwina pali dzenje la nyama. Phokoso limenelo ndi gawo la shuga likuphwanyika ndi kulemera kwa munthu, mpweya n'kutuluka. Patsogolo pang'ono mng'alu unathamanga kuchokera pa nsapato ya mnyamatayu mpaka mamita atatu kapena anayi. Anaujambula, chithunzicho ndachiona. Kwa munthu wophunzitsidwa, chimodzi chokha mwa ziwirizi n'chokwanira kubwerera, ngakhale chenjezo la tsikulo linene zotani. Anyamatawa anaona ndi kumva zonse, koma panalibe yemwe anawauzapo tanthauzo lake.

Malinga ndi mapu, pomwe njirayo imadula khwawa pamatsetsereka madigiri 37. Zigumukire zambiri za mtunduwu zimayambira pa malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, ndipo pakati pa 35 ndi 40 ndiye pachimake. Mapazi a anthu a m'mamawa aja anadzera pakati penipeni, pomwe sinowo wolimbayo anali wozama. Mnyamatayu anaona kuti pakatipo mpoopsa, n'kukhotera m'mwamba pang'ono, kufuna kuyenda pafupi ndi miyala yomwe inkaonekera. Ndimumvetsa. Ku Chimanimani timaphunzitsa ana kuti pa malo oterera gwira mwala, ndipo kumeneko n'zoona. Pa sinowo wotere pafupi ndi mwala ndi pomwe chibanthu cha pamwamba chimapyapyala, shuga amakhala wambiri, ndipo kulemera kwa munthu kumafika mosavuta pa gawo lofooka. Pakati pa khwawa panapirira anthu awiri kapena atatu. M'mphepete munalephera kupirira mmodzi.

Mng'alu unang'amba khwawa lonse m'mwamba mwake m'kanthawi kosakwana kuphethira. Poyerekeza ndi zithunzi zomwe anzake anajambula podikira thandizo, chibanthucho chinali mamita 20 m'lifupi, mamita 30 m'litali, ndipo kuzama kwake pafupifupi masentimita 30 tikaphatikiza pozama ndi popyapyala. Pa muyezo wa zigumukire ichi n'chaching'ono. Komabe sinowo wothinitsidwa ndi mphepo amalemera makilogalamu 200 mpaka 300 pa kiyubiki mita imodzi, choncho zomwe zinamunyamula zinali matani oposa 35.

Anakokoloka mamita opitirira 100. Pakati pa nyengo yozizira khwawa ngati limeneli limadzaza, miyala yonse n'kukwiririka. Kumayambiriro kwa Disembala miyala imakhala ikadali pamtunda, ndipo anadutsa pamwamba pa yonseyo. Anakaima pa zitsamba za paini wamfupi wa m'mapirimo, atakwiririka mpaka pachifuwa, mutu ndi dzanja limodzi zili kunja. Anzake awiri anapulumuka chifukwa mmodzi anali ataima kuti amange chingwe cha nsapato, winayo n'kumudikira. Akanalowa onse pamodzi, pakanasowa woimba foni.

Anatsikira kwa iye n'kuyamba kukumba ndi manja ndi chivindikiro cha bokosi la chakudya. Sinowo wa chigumukire akaima amauma gwaa nthawi yomweyo, ndipo panadutsa mphindi zoposa 20 asanamasule miyendo yake. Apa ndi pomwe ine ndimachita mantha. Kafukufuku wa ku Switzerland anasonyeza kuti mwa anthu okwiririka mutu womwe, oposa 90 pa 100 aliwonse amapezeka amoyo akafukulidwa mphindi 15 zisanathe, koma pofika mphindi 35 amatsala pafupifupi 30 okha. Ambiri amafa chifukwa chobanika. Opulumutsa anthu, ngakhale abwere pa helikoputala, kawirikawiri safika m'mphindi 15. Wofukula munthu ndi mnzake yemwe ali naye, ndipo mnzake wopanda transceiver ndi fosholo sangadziwe n'komwe poyambira. Mutu wa mwanayu ukanamira masentimita 40 okha, lipotili likanakhala la maliro.

Opulumutsa anafika kusanade n'kumutsitsa. Anathyoka mafupa onse awiri a m'munsi mwa bondo la kumanzere ndi nthiti ziwiri, ndipo thupi linali litazizira kwambiri. Anamuchita opaleshoni n'kumuika chitsulo.

Chenjezo lomwe anawerenga theka

Sindikufuna kuti owerenga amutenge mnyamatayu ngati wosasamala. Anachita chinthu chomwe ambiri sachita: anatsegula chenjezo la zigumukire asananyamuke. Ku mbali ya Poland chenjezoli amatulutsa ndi a TOPR, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri a Tatra lomwe linakhazikitsidwa mu 1909, ndipo amagwiritsa ntchito muyezo wa ku Ulaya konse woyambira 1 mpaka 5. Tsikulo panali 2. Iye anati, "Amalume, 2 pa 5 si ngakhale theka." Anajambula nambalayo n'kutumizira anzake, basi.

M'munsi mwa nambalayo munali mawu, ndipo pa chithunzi chake akuoneka. Ankachenjeza za sinowo wounjikidwa ndi mphepo m'makwawa ndi kuseri kwa misana, pamwamba pa nkhalango, makamaka m'mbali zoyang'ana kumpoto ndi kum'mawa. Khwawa lawo analifotokoza ndendende, kungosiya dzina. Nambala imanena za dera lonse. Mawu ndi omwe amakuuza pomwe pali msampha, ndipo kumayambiriro kwa nyengo yozizira msamphawo umakhala m'malo ochepa, koma malo ake ndi omwewo omwe munthu amafuna kupondamo chifukwa ndi mosalala.

Nambala 2 yapha anthu ambiri. A SLF, bungwe lofufuza za sinowo la ku Davos ku Switzerland, amawerengera kuti pafupifupi 30 pa 100 aliwonse ofa ndi zigumukire amafa chenjezo lili pa 2, ndipo pafupifupi theka amafa lili pa 3. Pa 4 ndi 5 anthu ambiri amakhala m'nyumba. M'mapiri omwewa, pa 28 Januwale 2003, chigumukire cha pa Rysy chinapha anthu 8 a gulu la sukulu ya sekondale lochokera ku Tychy, ndipo tsikulo chenjezo linali pa 2.

Funso la agogo

Tsiku lomwe ndinakafotokozera banja zomwe ndapeza, agogo ake aakazi analipo. Kwawo ndi ku Phalombe, ndipo abale awo ena anakhudzidwa ndi napolo wa mu 1991. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mdzukulu wawo kuti, "Mwanawe, unkapitiranji kuphiri kukuchita mkuntho?" Iye anati, "Agogo, kunalitu dzuwa." Sanakhulupirire, ndipo anayang'ana ine.

Funso lawo ndi lomwe tonse a kuno tili nalo mumtima. Kugumuka kwa phiri timakudziwa. Tinakuona ku Chimanimani mu Malichi 2019 ndi Idai, tinakuonanso ku Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023 ndi Freddy. Koma kumeneko mvula imayamba yagwa masiku, ndipo phiri limatsikira anthu ali m'nyumba zawo. Choncho timaganiza kuti kukacha bwino zoopsa zatha. Chigumukire cha sinowo chomwe chimapha okwera mapiri sichitero. Pa ngozi pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, wochiyambitsa amakhala munthu wokokolokayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo. Tsiku loopsa kwambiri nthawi zambiri limakhala loyamba kucha bwino pambuyo pa sinowo ndi mphepo, chifukwa chibanthu chimakhala chisanagwirane ndi za pansi pake ndipo anthu amakhala atatuluka. Ndinawauza agogo kuti, "Amayi, phiri silinamutsikire mwanayu. Linali chikhalire kudikira woti aliponde." Anagwedeza mutu, nati ndiye kuti n'zotheka kuzipewa. Ndinavomera.

Zomwe ndinalangiza

Bambo ake ankafuna kungoletsa. Mlongo wake wa mnyamatayu akupitanso ku Poland mu Okutobala, ndipo iwo anati asadzayandikire phiri ngakhale pang'ono. Ndinawapempha kuti aganizirenso. Mwana ali kutali makilomita masauzande, anzake akupita ku Zakopane pa holide, ndipo mukamuletsa adzapitabe, kungoti sadzakuuzani. Kuli bwino apite akudziwa.

Ndinawauza kuti kuyambira Novembala mpaka sinowo atatha, mwana yemwe sanaphunzire za zigumukire asapitirire nkhalango. Malo oti akasangalale ndi sinowo alipo, monga Gubałówka pamwamba pa tawuni ya Zakopane, kapena pansi pa chigwa cha Chochołowska. Ngakhale msewu wopita ku Morskie Oko umadutsa pansi pa makwawa a zigumukire ndipo nthawi zina amautseka, choncho chenjezo aliwerenge lonse kulikonse komwe akupita, mawu omwe, ngakhale pomasulira ndi foni. Wofuna kukwera pamwamba ayambe walipira maphunziro a masiku awiri kapena atatu omwe amachitika kumeneko chaka chilichonse. Kumeneko adzagwira shuga uja ndi dzanja lake, adzaphunzira kuyeza kutsetsereka kwa malo, kudutsa khwawa mmodzimmodzi, ndi kufufuza transceiver yokwiriridwa nthawi ikuwerengedwa. Kubwereka zida popanda maphunzirowa n'kungonyamula katundu. Makolo timatumiza ndalama ya jekete mosanyinyirika chifukwa kuzizira timakumvetsa. Ndalama ya maphunzirowa itumizidwe ndi mtima womwewo.

Ndinawonjezera ziwiri zing'onozing'ono. Nambala ya opulumutsa m'mapiri a Poland ndi 601 100 300 kapena 985, ndipo ikhale mu foni ulendo usanayambe. Ku mbali ya Poland kupulumutsidwa n'kwaulere, koma malire a Slovakia amadutsa pa misana ya mapiri omwewa, ndipo kumeneko wopulumutsidwa amalipira, choncho inshulansi ya mwana iyenera kunena za m'mapiri mwachindunji.

Mnyamatayu tsopano akuyenda ndi ndodo imodzi ndipo amapita kolimbitsa mwendo kawiri pa sabata. A yunivesite amulola kudzalemba mayeso omwe anaphonya akabwerera. Wandipempha kuti akachira tidzayambire ku Domboshava, kenako Nyanga, kuti aone ngati mwendowo ungapirire chikweza. Za Tatra sanasiye, koma wavomera pamaso pa bambo ake kuti maphunziro ayambe.

Mabanja ena a mu mpingo omwe ali ndi ana ku Poland, ku Georgia ndi ku Canada amva nkhaniyi ndipo afunsa. Tagwirizana kuti Lamlungu lina mapemphero akatha tidzatsale, aliyense ndi foni yake, titsegule chenjezo la dera lomwe kuli mwana wake, tiliwerenge limodzi mpaka m'munsi. Mnyamatayu wati adzabwera ndi chithunzi cha mng'alu uja kuti ena awone mmene umaonekera.